Zodula zake ziti?

Ndamva akuti katemera wa matenda oumitsa khosi ndi mapilisi opatsa abale a wodwala zikudya ndalama zambiri, koma ine ndiye sindikumvetsa. Kwathu kuno ku Lizulu mwana wa achemwali anadwala usiku, thupi moto, khosi gwa osatembenuka, pofika kuchipatala pa kabaza ndalama za mbatata zonse zatha. Anachira inde koma khutu limodzi samva mpaka lero. Ife a m'nyumbamo anangotimwetsa kapilisi kamodzi koteteza ku matendawa kotchedwa cipro basi, kamodzi! Katemera wa matendawa wotchedwa MenAfriVac yemwe anayambira ku Burkina Faso mu 2010 mtengo wake sunkakwana ngakhale dola imodzi pa munthu. Ndiye akuluakulu tawerengeraninso bwinobwino, kapena ma alawansi a kunyanja aja ndiye otchipa?