Buku limene linandisandutsa mboni yonama

Abale anga a kuno ku Harare, ndakhala masiku anayi ndikulimbana ndi mtima ngati ndilembe zimenezi kapena ayi, chifukwa buku limene ndamaliza kuwerenga Lamlungu lapitali si loti munthu angalitamande nkhope ili yowala. Ndinaligula kwa anyamata amene amayala mabuku akale m'mbali mwa msewu pafupi ndi pokwerera makombi ku Copacabana, ndipo ndinaliwerenga usiku utatu kunyumba ku Highfield, pena ndikuunikira ndi tochi ya foni magetsi atazima. Dzina lake sindilitchula, kuopa kuti wina angalisake n'kudzandiimba mlandu wa tulo take.

Ndi limodzi mwa mabuku aja amene pa Chingerezi amawatcha psychological thriller, nkhani zimene kuopsa kwake sikuli mu mfuti kapena m'magazi koma m'maganizo a anthu. Wofotokoza nkhaniyo ndi bambo waulemu wake, wolankhula mofatsa, amene akutidandaulira kuti mkazi wake wayamba kusokonezeka mutu. Mayiyo akuiwala pamene waika makiyi, akukana mawu amene akuti ananena dzulo lake, ndipo akulira popanda chifukwa chooneka. Ndinamumvera chisoni bamboyo pafupifupi theka lonse la bukulo, mpaka ndinkadandaula naye kuti amuna ena amasenza mtolo wolemera mwakachetechete. Kenaka, m'chiganizo chimodzi chokha chimene wolemba anachiponya ngati chopanda ntchito, bamboyo akutchula kuti makiyi aja ali m'thumba la jekete lake. Ndinabwerera kumasamba oyambirira manja akunjenjemera, ndipo ndinapeza kuti zizindikiro zinalipo kuyambira kale, kungoti ndinkazilumpha chifukwa munthuyo ankalankhula bwino.

Chimene chinandisowetsa mtendere si nkhanza za bamboyo ayi, popeza anthu oipa a m'mabuku tinawazolowera. Chinandipweteka n'chakuti wolemba ananditsekera m'mutu mwa munthu ameneyu osandipatsa potulukira. Palibe mutu ngakhale umodzi umene mayiyo akudzilankhulira yekha, ndipo pomaliza palibe wapolisi, palibe bwalo la milandu, palibe m'bale amene akutulukira chinyengocho. Amene akudziwa zoona ndi wowerenga yekha, yemwenso poyamba paja anali kumbali ya wolakwa.

Mlamu wanga atandiona nditakhala duu ndi bukulo, anandifunsa kuti, "Kodi alamu, mavuto amene tili nawo kale sakukukwanirani, kuti mukagulenso ena ndi dola yanu?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Komabe ndikuona kuti kusautsa kumeneku wolemba anakuikamo dala, ndipo popanda iko bukulo likanangokhala nkhani ina yopititsira nthawi m'kombi. Agogo athu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino sankatibisira zoopsa pofotokoza nthano. Ambiri a ife tikukumbukira fisi uja amene ankadzisandutsa mnyamata wokongola n'kukwatira mtsikana wa m'mudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nthano mchira wa fisi unkaonekera, mudzi n'kumuthamangitsa, ife ana n'kukagona mitima ili pansi. M'buku ili mchira suonekera kwa aliyense, ndipo ndikukhulupirira kuti pamenepa ndi pamene likufanana kwambiri ndi zimene zimachitika m'makomo mwathu.

Khalidwe la bambo wa m'bukuli lili ndi dzina lake pa Chingerezi, gaslighting, lochokera ku sewero lina limene linaonetsedwa ku London mu 1938, m'mene mwamuna ankabisa zinthu m'nyumba kuti mkazi wake akhulupirire kuti wapenga. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la kuno ku Zimbabwe, limene linayamba kugwira ntchito mu 2007, limatchulanso nkhanza za m'mawu ndi zozunza maganizo, osati kumenya kokha. Koma nanga mayi angaonetse chiyani kwa ankhoswe pamene thupi lake lilibe chipsera, ndipo amene akumuzunzayo ndi yemwe amayamba kupereka chipepeso pa maliro alionse a mu mpingo? Agogo a Friendship Bench, ntchito imene dokotala wa matenda a maganizo, Dr Dixon Chibanda, anayambitsa ku Mbare mu 2006, amakhala pa benchi n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene anzathu a Chishona amachitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Pamene ndinkawerenga ndinkangolakalaka mayi wa m'bukuyo atapeza munthu mmodzi wotero, womulola kumaliza chiganizo chake.

Sindikunena kuti bukulo lilibe zolakwika. Pakati pake nkhani ikukoka mwendo, ndipo pali malo ena pamene bamboyo akuzunza mphaka wa mkazi wake, pamene ndinaona kuti wolemba wangofuna kutionetsa kuti amatha kunyansitsa, pomwe mfundo yake inali itamveka kale. Komanso munthu amene anadutsamo m'banja lotere sindingamulimbikitse kuliwerenga, chifukwa kungakhale kutokosa chilonda chimene sichinapole.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Zaka zingapo zapitazo ndinakhalapo nkhoswe pa nkhani ya banja lina la achibale. Mwamuna analankhula atagwira chipewa m'manja, mawu ake ali pansi, ndipo anatithokoza chifukwa chosiya ntchito zathu. Mkazi ankalankhula mokweza, akusokoneza masiku ndi miyezi, ndipo kawiri konse anati, "Mwina ndine ndikulakwitsa, sindikukumbukira bwino." Ife tinayang'anana, tinamuuza kuti banja ndi kupirira, kenaka tinamwa tiyi n'kubalalika. Sindinganene kuti mwamunayo anali ngati bambo wa m'buku uja, koma ndikudziwa kuti tsiku limenelo sitinamufunse mayiyo funso lina lililonse mwamuna wake kulibe. Dzulo ndapempha mlongo wanga kuti andipezere nambala ya foni ya mayiyo, ndipo mpaka pano ndikusinkhasinkhabe mawu amene ndidzayambire.