Chenjezo kwa inu amene banja lidatha koma mayina akadali pamodzi pa nyumba

Ana anga okhala kuno ku Joni, ndamwa tiyi m'nyumba zanu zambiri, ku Turffontein, ku Rosettenville mpaka ku Cosmo City, ndipo pali khalidwe limodzi limene landikwana. Banja likatha mumagawana mapoto, mabulangete ndi TV, wina n'kunyamula chikwama chake kumapita, koma mayina anu awiri mumawasiya pa title deed (chikalata cha umwini wa nyumba) ndi pa bondi (ngongole ya nyumba) ya kubanki ngati palibe chachitika. Ndikafunsa mumati, "Tidagwirizana amalume, nyumba adasiyira ine ndi ana." Mudagwirizana, inde. Nanga zidalembedwa kuti?

Mwana wa mchemwali wanga adandipeza Loweruka lina m'mawa, kalata ili m'manja, yofota ndi thukuta. Iye ndi bambo a ana ake adagula nyumba limodzi kum'mwera kwa Johannesburg, ukwati wa boma asanamange, ndipo patapita zaka adasiyana. Ine ndidali nkhoswe. Ndidamva ndi makutu angawa mwamunayo akunena kuti nyumba ikhale ya ana, tonse tidaomba m'manja n'kubalalika, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti palibe mwa ife akuluakulu adati tiyeni kwa loya. Kuyambira tsiku limenelo mayiyu ndiye ankalipira bondi mwezi ndi mwezi. Adaika matailosi m'khitchini, adamanga zipinda ziwiri kuseri zochititsa lendi. Uko bizinesi ya mwamuna ya mathiraki idagwa, ngongole zidamufika m'khosi, khoti lidalamula kuti chuma chake chigwidwe. Kalata ija idachokera kwa trustee, munthu woikidwa kugulitsa chuma chogwidwacho, kumudziwitsa mayiyu kuti theka la nyumba imene akugonamo ndi ana liyenera kugulitsidwa.

Mvetserani mmene zimayendera, chifukwa ambiri a inu mumaganiza kuti ngongole ya munthu amene mudasiyana naye ndi yake yekha. Kuno munthu akalephereratu kubweza ngongole, High Court imapereka chigamulo chotchedwa sequestration, motsatira Insolvency Act ya 1936. Chuma chake chonse chimachoka m'manja mwake kupita kwa Master of the High Court, kenaka kwa trustee amene ntchito yake ndi kugulitsa ndi kugawira eni ngongole. Trustee sayitana ankhoswe. Safunsa kuti adagula matailosi ndani. Amafufuza ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa eni malo ndi nyumba, ndipo amene dzina lake lili m'kaundula kumeneko ndiye mwini. Theka limenelo silitanthauza chipinda chakutichakuti ayi. Gawo la mnzanuyo lili pa njerwa iliyonse, kuyambira pageti mpaka ku zipinda za kuseri zimene mudamanga ndi ndalama zanu.

Zikafika pamenepa njira zimachepa. Mwina mugule theka lake kwa trustee, kapena muvomere kuti nyumba yonse igulitsidwe, ndipo mukakana iye akhoza kupita kukhoti kukapempha kuti umwini wa awiriwo uthe. Banki nayo ili pomwepo. Tsiku lija mudasaina bondi mukusekerera, pafupifupi nonsenu mudavomera kuti aliyense wa inu ali ndi mlandu wa ngongole yonse, osati theka. Tiyerekeze kuti nyumba yagulitsidwa R900 000 pamene kubanki kwatsala R700 000. Zolipira pogulitsa ndi za banki zimayamba kuchotsedwa, inu mumagawana ndi trustee nyenyeswa zotsala. Ikapita pa okushoni n'kugulidwa motchipa, ndalama osakwana, banki imatsata amene akadali ndi malipiro. Ameneyo ndinu. Ndalama zimene mudamulipirira zaka zonse zija mukhoza kukazidandaula, koma mukaima kumapeto kwa mzere limodzi ndi ena onse amene adawadyera.

Tsono inu amene mudangopatukana osakathetsa ukwati kukhoti, anu ndi mavuto oposa. Ngati mudakwatirana ku Home Affairs popanda antenuptial contract (pangano losiyanitsa chuma losainidwa ukwati usanamangidwe), chuma chanu ndi chimodzi, ngongole zanunso n'zimodzi, ndipo chigamulo cha sequestration chikatuluka chimakugwerani nonse awiri, ngakhale padutse zaka musanaonane. Ngati kontrakitiyo mudasaina, ndime 21 ya Insolvency Act ija imaikabe katundu wanu m'manja mwa trustee mpaka mutapereka umboni kuti ndi wanudi. Ndime imeneyi imagwiranso anthu amene akukhalira limodzi ngati banja popanda setifiketi. Amene mudamanga ukwati kumudzi musanabwere kuno, onetsani loya setifiketi yanu, chifukwa chuma chanu chikhoza kuyendera lamulo la kwathu. Musalole manyazi a kutchalitchi akusungeni mu ukwati umene udatha kalekale, pamene mnzanu akutenga ngongole kumene simukudziwa.

Ena mumandionetsa pepala la chisudzulo, mwalipinda bwinobwino m'Baibulo, lonena kuti nyumba ndi yanu. Pepala limenelo ndi lofunika, koma ntchito simudamalize. Mu 2018 Supreme Court of Appeal idanena kuti chigamulo cha chisudzulo pachokha sichisamutsa umwini wa nyumba. Chimangokupatsani mphamvu yokakamiza kuti isamutsidwe, ndipo umwini umasintha zikalembedwa ku Deeds Office. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pitani kwa loya wosamutsa nyumba, banki ione malipiro anu ivomere kuti bondi muisenze nokha, dzina la mnzanuyo lichoke. Pa kusamutsa kobwera chifukwa cha chisudzulo SARS, bungwe la misonkho, sitenga transfer duty, msonkho wosamutsira nyumba. Loya ndiye mumulipira, ndipo ndalama imeneyo ndi imene mumaithawa, komatu ya maphwando ndi ya magalimoto mumaipeza.

Ndichenjezenso inu ochenjera mochedwa. Mukamva kuti mnzanu watsala pang'ono kugwa, musathamangire kuti akulembereni theka lake mwaulere usiku umodzi. Ndime 26 ya Insolvency Act imalola khoti kubweza katundu woperekedwa popanda malipiro, ndipo ngati zidachitika pasanathe zaka ziwiri chigamulo cha sequestration chisanatuluke, ndinu amene mudzayenera kusonyeza kuti panthawiyo chuma chake chidali choposa ngongole zake. Kubisa katundu kwa trustee ndi mlandu. Nthawi yokonza ndi ino, pamene mnzanuyo akadali chilili ndipo mukutha kulankhulana.

Bondi muzilipira kudzera ku akaunti yanu, osati kupatsirana ndalama m'manja, ndipo masitetimenti ndi malisiti a simenti muzisunga. Makalata a kubanki muzitsegula ngakhale ali ndi mayina awiri. Ngati ya loya mulibe, kuli Legal Aid South Africa, kulinso Wits Law Clinic ku Braamfontein. Mukapite ndi mapepala onse.

Mwana wa mchemwali wanga uja sabata yatha ndidamuperekeza kubanki, mapepala a malipiro ndi malisiti a lendi ali mu envelopu, kukapempha ngongole yatsopano kuti agule theka la nyumba imene wakhala akuilipira yekha. Tikudikira yankho. Ana sadawauzebe.