Makutu a akalipentala athu akutha tikuona

Dzulo ndinapita pa shedi ina pa Dedza boma kukatenga chitseko changa. Mnyamata wopala matabwa pamakina ndinamuitana kanayi, iye osacheuka. Makina atazima anandiyankha mokuwa ngati ndaima tsidya lina la msewu wa M1. Mwana wamng'ono ndithu, ndevu zangoyamba kumene.

Ndinakumbukira amalume. Anayamba ndi sowo yamanja, kucheka paini wa m'phiri la Dedza, kenako anagula makina amagetsi. Lero wailesi amaikweza mpaka a nyumba yachitatu amamva nawo mauthenga a maliro. Kumudzi amati ndi ukalamba. Azakhali amati amangodzigonthetsa dala ikafika nkhani ya ndalama ya ndiwo. Mwina nthawi zina n'zoona, koma makina aja anachitapo zawo.

Oyeza phokoso amati malire a phokoso limene khutu lingapirire ndi ma decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 kwa maola 8. Likakwera ndi 3 okha, nthawi imene khutu lingapirire imatsika ndi theka. Sowo yozungulira ndi makina opalira zimafika 100 kapena kuposa, ndiye kuti mphindi 15 zokha basi. Tsono kwathu kuno magetsi akabwera atathima tsiku lonse, anyamata amakakamira pamakina mpaka usiku kuti ntchito ya eni ake ithe. Mkati mwa khutu muli timaselo tangati tiubweya tothandiza kumva, ndipo timaseloti tikafa ndi phokoso sitimeranso. Kulira kwa "ziii" kumene amamva pogona kuja ndi khutu likudandaula.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri magalasi amavala, chifukwa utuchi ukagwera m'diso umalasa pompo. Khutu silituluka magazi, ndiye palibe amalilabadira. Wina akavala zotsekera m'makutu anzake amamuseka, ati akudzimva uinjiniya.

Kwa ine udindo ndi wa inu mabwana eni mashedi. Zotsekera zasiponji zija mtengo wake sufika pa thabwa limodzi. Gulani, muyambe ndinu kuvala, anyamata atsatira. Thonje lofinyira m'khutu musamalidalire, phokoso limadutsa. Ndipo zoti "ndikatseka sindimva makina akamavuta" n'zonamizira chabe, amamveka bwinobwino, kungoti ukali wake umachepa. A pachigayo, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani.

Amalume avomera kuti ndiwaperekeze ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe akayezedwe. Kuti avomere ndinachita kubwereza katatu, chokuwa.