Wolonjerera ngongole muyankheni, koma akulembereni papepala

Miyezi inayi yathunthu, foni ikalira ndi nambala yachilendo, mtima unkangoti phaa ngati ndaba. Ndinkaivundikira patebulo n'kuisiya ilire mpaka itope. Ndinali ndi ngongole ya khadi la kubanki, lija timati kirediti khadi, ndipo ntchito itandithera ndinalephera kubweza. Ndikulemba izi podziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga pano foni mutaitseka mawu pa chifukwa chomwechi.

Ine ndikuti kubisala ndi kumene kunandipweteka kuposa ngongoleyo. Koma kuyankha foni si kuvomera chilichonse chimene munthu wa mbali inayo wanena.

Ngongole ya khadi siima pamene mwaisiyira. Chiwongoladzanja cha mwezi uno chimaphatikizidwa ku ngongole, mwezi wamawa nacho chimabala chinzake. Tiyerekeze kuti ndi 3 peresenti pamwezi: osalipira kalikonse, pakutha pa zaka ziwiri ngongole ija yawirikiza kawiri, ndipo apo sitinawerengere chindapusa cholipira mochedwa. Pamene ine ndinkavundikira foni, masamuwa ankayendabe usana ndi usiku. Dzina langa nalo linali litapita kale ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, kumene mabanki ena amayang'ana asanakukongozeni.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti banki ikatopa nanu imachita chimodzi mwa ziwiri. Imalemba ganyu kampani yolonjerera kuti izikutsatirani, kapena imagulitsiratu ngongoleyo ku kampani ina pa mtengo wotsika kwambiri, iyo n'kumadzafuna kwa inu ndalama yonse. Ndiye amene akukuimbiraniyo kawirikawiri si munthu wa kubanki kumene munatenga khadi. Mwina mapepala ali nawowo ndi operewera. Mwinanso ali ndi mpata wotsitsa ndalamayo umene sangayambe kuutchula yekha.

Tsiku limene ndinayankha, bamboyo sanandipatse ngakhale moni. "Mayi, mukapanda kulipira pofika Lachisanu, apolisi akubwera kudzakutengani pakhomo panupo." Miyendo inazizira. Ndinalonjeza pomwepo ndalama ya pamwezi imene ndinkadziwa ndithu kuti ndilibe, kungoti foniyo idulidwe. Mwezi woyamba ndinakongola kwa mnzanga n'kulipira, wachiwiri ndinalephera, ndipo anayamba kunditchula wabodza. Apo ndinalakwa ndine. Ndinakumba dzenje lina pofuna kukwirira loyamba.

Koma chimene chinandiwawa mpaka lero n'chakuti anawaimbira amayi anga. Munthu wachikulire, amene khadi lotere sanaligwirepo, akuuzidwa ndi mlendo kuti mwana wawo ndi wakuba. Anandiimbira usiku mawu akunjenjemera, "Mwanawe, akuti ukumangidwa, n'zoona?" Amenewa si malonjerero, ndi nkhanza. Olonjerera ena amadziwa kuti manyazi amatulutsa ndalama msanga kuposa khoti, n'chifukwa chake amathamangira kwa makolo, kwa abwana, kwa oyandikana nawo nyumba.

Za apolisi zija zinali zongoopseza. Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa upandu. Pangano la United Nations la m'chaka cha 1966 lokhudza ufulu wa anthu, m'ndime 11, limanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende pa chifukwa chokhacho chakuti walephera kukwaniritsa zimene anagwirizana ndi wina. Chimene banki kapena kampaniyo ingachite ndi kukusumirani kukhoti. Ndipo apa ndimve bwino, abale anga: samani ya khoti ikabwera musaibise pansi pa matiresi. Mukapanda kuyankha, khoti limagamula inu kulibe, ndipo chigamulo chimenecho ndi chimene chimatsegula njira yodula malipiro anu kapena kulanda katundu. Wolonjerera payekha alibe mphamvu yolowa m'nyumba mwanu n'kunyamula firiji.

Nditamvetsa zimenezi ndinasintha kayankhulidwe. Ataimbanso ndinati, "Bambo, ngongole sindikukana kukambirana, koma mundilembere kaye. Ndikufuna dzina la kampani yanu, banki imene inakutumani, ndalama imene ndinagwiritsa ntchito, chiwongoladzanja ndi zindapusa, chilichonse pachokha." Anakalipa, ine ndinabwereza mawu omwewo mofatsa. Kalata inatenga masabata awiri. Nditaiyala pambali pa masitetimenti akale, ndinapeza kuti ndalama ija ndinakongola kwa mnzanga sinachotsedwe n'komwe. Ndikanapanda kusunga lisiti, ikanapita ulele. Kuyambira pamenepo ndinagula kope: tsiku, nthawi, dzina la woimba, zimene wanena. Munthu akamva kuti mukulemba, mawu ake amatsika okha.

Mayiko ambiri anaika malire pa ntchito imeneyi. Ku America, lamulo la m'chaka cha 1977 limaletsa wolonjerera kuimba isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itadutsa 9 koloko usiku, ndipo limapatsa wokongola masiku 30 oti atsutse ngongoleyo n'kufuna umboni. Palinso nkhani ya nthawi. Timati mlandu suola, koma pamalamulo ngongole ili ndi zaka zimene ikadutsa sangakusumireninso: ku England ndi zaka 6, ku South Africa ndi zaka 3 pa ngongole zambiri za mtunduwu. Msampha wake ndi wakuti kulipirako kangachepe nthawiyo isanathe kumayambitsanso kuwerengako. Choncho ngati akukuimbirani za ngongole yakalekale, funsani kaye kwa odziwa malamulo a dziko lanu musanatumize ngakhale kandalama kongowatontholetsa.

Wina anena kuti ndikuphunzitsa anthu kuzemba ngongole. Ayi. Ndalamazo ndinadya ndine, palibe anandigwira dzanja pokhwatcha khadi, ndipo ndikubweza. Chimene ndikukana ndi kubweza mwamantha, osadziwa kuti ndikubweza zingati komanso kwa yani. Alipo akamberembere amene amaimba ngati olonjerera, akudziwa dzina lanu ndi banki yanu. Wina akafunsa nambala yachinsinsi ya khadi, kapena akati mutumize ku nambala ya foni ya munthu m'malo mwa akaunti ya kampani, dulani foniyo n'kuimbira banki nokha.

Pokambirana za kabwezedwe ndinakhala pansi kaye ndi cholembera. Lendi, chakudya, mankhwala, sukulu ya mwana, kenaka chotsalacho. Chotsalacho ndiye ndinawauza, osawonjezera. Anakana kawiri, kachitatu anavomera, n'kuimitsanso chiwongoladzanja nthawi yonse imene ndizilipira mosadumphitsa. Sindinatumize kalikonse mpaka mgwirizanowo utafika pa imelo, chifukwa amene walonjeza pafoni lero mawa angathe kukhala atasiya ntchito, ndipo wolowa m'malo mwake amangoona zimene zili pakompyuta. Ndinawalemberanso kuti asadzaimbirenso amayi anga kapena wachibale aliyense, ndipo akatero ndikadandaula ku bungwe loyang'anira mabanki. Chiyambireni sanawaimbirenso.

Ndatsala ndi miyezi itatu. Ndawauziratu kuti tsiku lolipira komaliza ndidzafuna kalata yonena kuti ngongole yatha ndipo palibe chotsala, komanso kuti akakonze dzina langa kwa osunga mbiri aja. Khadilo ndinalidula ndi sizasi, koma kope ndi malisiti zili m'chikwama chimodzi ndi ziphaso zanga, chifukwa ngongole imene inagulitsidwapo kamodzi ikhoza kugulitsidwanso kwa wina amene sakudziwa kuti inalipidwa.