Mutu ndi umodzi, madokotala awiri sakulankhulana

Ndakwiya ndipo sindibisa. M'mawa uno ndaona chilengezo choti bungwe lina la madokotala a matenda a ubongo ndi a maganizo lasankha atsogoleri atsopano. Zithunzi za wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma, aliyense ndi madigiri ake mndandanda. Ndawerenga mpaka kumapeto kufunafuna pamene atchula wodwala. Palibe.

Dzulo lomweli mng'ono wanga, amene amadwala khunyu, wabwera kunyumba akulira. Dokotala wa ubongo anamuuza kuti kugwa kwachepa, mankhwala akugwira ntchito, izi zosowa tulo ndi kukhumudwa apite nazo kwa dokotala wa maganizo. Wa maganizoyo atangomva kuti akumwa mankhwala a khunyu otchedwa levetiracetam anati iye sakhudza kanthu, abwerere kwa amene anamulembera mankhwalawo. Pa awiriwa sipanapezeke woimbira mnzake foni, kapena wolemba kalata ya mizere itatu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wavumbwa ndi mng'ono wanga, osati iwo.

Inu atsogoleri atsopano, mutu ndi umodzi. Ubongo umene ukumugwetsa pansi ndi womwewo umene ukumulanda tulo ndi chimwemwe. Munaugawana liti? Inu nomwe mukudziwa kuti levetiracetam amatha kupangitsa munthu kupsa mtima msanga ndi kukhumudwa, zalembedwa ngakhale pa kapepala ka m'bokosi. Mukudziwa kuti anthu a khunyu amavutika maganizo kwambiri kuposa anthu ena. Carbamazepine ndi sodium valproate mumalembera wa khunyu, mumalemberanso amene maganizo ake amakwera kwambiri n'kutsika kwambiri. Mankhwala amodzi, mutu umodzi, koma zitseko ziwiri ndi mizere iwiri yodikira. Ndiye munakhaliranji m'bungwe limodzi ngati kuchipatala simupatsana moni pa nkhani ya wodwala?

Mudzati madokotala ndi ochepa, mudzati munaphunzira mosiyana. Tamva.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pa anthu 10 alionse, mpaka 7 angathe kukhala osagwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Mu 2022 mayiko anagwirizana za ndondomeko yolimbana ndi khunyu ndi matenda ena a ubongo yofika mpaka 2031. Mapepala alipo, ambiri. Chimene mng'ono wanga akusowa si pepala lina. Akufuna madokotala awiri akhale pansi, atsegule fayilo yake imodzi, agwirizane ngati asinthe mankhwala kapena awonjezere ena, ndipo amuuze chinthu chimodzi. Basi. Ngati bungwe lanu silingauze mamembala ake kuti wodwala asamakankhidwe uku ndi uku ngati katundu wopanda mwini, mpando umene mwalandirawo ndi wa chiyani?

Sindikudana ndi chisankho chanu. Ndikufuna mawu oyamba a wapampando akhale okhudza munthu amene waima pakati pa zitseko ziwirizo, atanyamula mutu umodzi umene aliyense akuti ndi wa mnzake. Osati msonkhano waukulu wa chaka chamawa, osati mphoto zopatsana nokhanokha.

Ndipo pali chinanso chimene chimandiwawa. Mankhwala a khunyu akasowa, bungwe ngati lanuli limakhala chete bwanji? Inu ndi amene mukudziwa kuposa tonsefe kuti munthu akasiya mankhwalawa mwadzidzidzi amatha kugwa motsatizana osatsitsimuka, ndipo zimenezi zimapha. Abale timathamanga kuchoka famase iyi kupita ina, usiku osagona, khutu lili kuchipinda kwa wodwala. Sindinaonepo chilengezo chanu pa tsiku lotero.