Ngati ndi crack, nenani kuti ndi crack

Koma anthu ena okonza makompyuta m'tauni ya Mzuzu muno mulibe manyazi. Mwana wa achemwali anga, yemwe ali ku koleji, anapita pa shopu ina kuti amuikire Windows ndi Office mu laputopu. Anamuuza kuti ndi orijino, ndipo analipira mtengo wa orijino. Lero Word ikukana kulemba, pakona pakutuluka mawu aja akuti "Activate Windows", asayimenti ili yosamaliza. Wabwerera kukafunsa, amuloza chikwangwani: katundu akagulidwa sabwezedwa.

Katundu wake uti? Munamugulitsa chiyani inuyo, achimwene? Laisensi mulibe, kiyi (nambala yotsimikizira laisensi) simunampatse, lisiti munakana kulemba. Munangothira crack, ka pulogalamu ka KMS kaja kamene kamapusitsa makina kwa masiku 180 kuti aziona ngati muli laisensi, n'kuzimitsanso Windows Defender, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi, kuti isakagwire. Kenako n'kumutumiza mwana kwawo ku Chibavi ndi kompyuta yopanda chitetezo, inu ndalama m'thumba.

Sindikuti aliyense pano ndi woyera ayi. Madola akusowa, kulipira pa intaneti n'kovuta, tonse tikudziwa. Koma nenani zoona basi. Crack itchuleni crack, mtengo wake ukhale wa crack, munthu asankhe yekha. Mwina akanangoika LibreOffice yaulere, yomwe imagwira ntchito ngati Office, n'kusunga ndalama zake za ndiwo. Mukanena kuti orijino, ikhale orijino. Ikafa, bwezani ndalama. Mwanama, bwezani. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Ngakhale Steam, yogulitsa magemu, imabweza ndalama pasanathe masiku 14 ngati sunasewere kupitirira maola awiri. Eni ake enieni a katundu akubweza, inu ogulitsa za eni mukukana! Chikwangwani chanucho si lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, kulinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lomva madandaulo ngati amenewa.

Nanunso ogula mwanyanya ulemu. Akuberani masana, inu "zikomo bwana", n'kukwera kabaza kumapita kukadandaulira kunyumba. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Funsani kiyi, funsani lisiti, akakana nyamulani laputopu yanu muzipita.

Ndiye pali za mafulashi. Kunja alemba 64GB, ukaikamo mafayilo ochepa chabe ena sakutsekukanso. Ukabwerera akuti ndi vairasi ya kompyuta yako. Vairasi yake inaikidwa ndi ndani?