Vani yanuyo ndi uvuni, ana inu tamverani

Ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndiyankhula, wokwiya akwiye. Ndikunena inu anyamata ndi atsikana amene mwasandutsa vani kukhala nyumba, njinga ziwiri zitatu mwakoleka kumbuyo, lero muli phiri ili mawa phiri lina. Moyo umenewo ine sindidana nawo ayi, ndaukhala zaka zambiri ndipo mawondo akandilola ndimapalasabe mpaka pano. Chikundinyansa ndi chibwana chimene mukuchita masiku ano dzuwa likuswa mtengo chonchi, a zanyengo achenjeza kale kuti kutenthaku sikutha msanga koma inu ndiye mukudzuka 10 koloko, kumwa khofi mwachifatse, kujambula kaye zoika pa Instagram, kenako dzuwa lili paliwombo mpamene mukuyamba kukwera phiri ndi kabotolo kamodzi. Mwatani kodi?

Dzana lomweli ndikutsika ndinapeza mnyamata atakhala pamwala, njinga yake yodula ili gada pambali. Wamphamvu zake ndithu, miyendo ngati mitengo. Ndinati iwe zili bwanji, iye akuti madala ndili bho ndikungopuma. Koma ndikuona munthu akulimbana ndi lamba wa helemeti, kumanga akulephera, zala sizikumvera, khungu lachita tsemwe ngati ali pachisanu pamene miyala ikutentha yosagwirika. Ndinamufunsa wachokera mbali iti, analoza kumene kulibe njira. Ndinagwedeza botolo lake, mbee, ngakhale dontho. Ndinamukokera pansi pa kamtengo, kumuvula helemeti ndi chikwama, madzi anga onse anathera pamutu pake, m'khosi ndi m'khwapa uku ndikumukupiza ndi malaya, mnzanga akuthamangira pamene pamagwira netiweki kukaimba foni. Nzeru zitayamba kubwerera, mawu ake oyamba anali ofunsa ngati wotchi yake yasiya kuwerenga makilomita. Ndinangopukusa mutu.

Ambirinu mumaona ngati mdani ndi dzuwa lokha, mwaiwala kuti ng'anjo ina muli nayo m'thupi. Mphamvu zimene minofu imawotcha mukamapalasa, gawo laling'ono chabe ndi limene limayendetsa njinga, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amasanduka kutentha. Pamseu wosalala mphepo imakuthandizani kuchotsa. Koma pachitunda chamiyala mukukwawa ngati nkhono pa giya yoyamba, mphepo palibe, mutu uli mu helemeti, msana waphimbidwa ndi chikwama, ena mpaka zoteteza mawondo ndi zigongono, ndiye kutenthako kutulukire kuti? Thupi la munthu limafuna madigiri 37. Mkati mukapitirira 40 bongo umayamba kusokonekera, impso ndi chiwindi zimayamba kupsa, ndi zimene madokotala amati heat stroke, ndipo choipa chake n'choti chiwalo choyamba kuwonongeka ndi chomwecho chimene chikanakuuza kuti bwerera. N'chifukwa chake mnyamata uja ankati ali bho. Sanali kunama, mutu wake unkamuuzadi choncho. Ndipo zija munamva zoti wodwala matendawa amasiya kutuluka thukuta musazidalire, munthu amene wagwa ali pamasewero nthawi zambiri amakhala ali chinyowere.

Koma nkhani yanga yeniyeni si ya paphiri, ndi ya vaniyo. Mnzanu wokhala m'nyumba akatsika amakasamba madzi ozizira, n'kugona pozizira, thupi n'kubweza zimene lataya. Inu mukatsika mumalowa m'chitini chimene chakhala padzuwa tsiku lonse. Zitsulo, matabwa a makabati, matiresi, thanki ya madzi, zonse zamwa moto kuyambira m'mawa ndipo usiku zimaulavula pang'onopang'ono. Zotchingira zija munamata m'makoma kuti muzifunda nthawi yozizira, kutentha kukangolowa zimakusunganso bwinobwino. Ine zinandionekera, sindikunena zongomva. Chaka china ndinatseka mawindo onse poopa udzudzu ndi akuba, cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzidzimuka mtima ukugunda ngati ndikuthamanga, pilo atanyowa ngati wagwera mumtsinje, mutu ukuwawa ngati wina akukhoma msomali. Ndinatuluka n'kukagona pansi panja. Kutacha, m'malo mopuma ndinakwera njinga poti tinapangana ndi anzanga, ndipo chitunda chimene ndinkachikwera ndikucheza tsiku limenelo ndinachikankha wapansi, maso akuchita mdima. Kutentha kuli ngati ngongole ana inu. Usiku umodzi osagona bwino, wachiwiri, wachitatu, madzi m'thupi akuperewerabe pang'onopang'ono, ndiye tsiku lachinayi mumagwa panjira imene mumaidziwa ngati chikhatho chanu n'kumadabwa kuti chachitika n'chiyani.

Kumbukirani zimene zinachitika ku British Columbia m'dziko la Canada kumapeto kwa June 2021. M'mudzi wa Lytton kunatentha kufika madigiri 49.6 pa 29 June, mawa lake moto unapsereza pafupifupi mudzi wonsewo. Anthu oposa 600 anafa ndi kutentha m'chigawo chimenecho m'masiku ochepa, ndipo ambiri mwa iwo sanafere panja padzuwa ayi, anafera m'nyumba zimene sizinkazizira ngakhale usiku. Ngati nyumba yeniyeni yamakoma imapha chonchi, kuli bwanji kabokosi kachitsulo kamagalasi?

Galimoto yotseka ikaima padzuwa, mphindi 10 zokha mkati mumakwera ndi madigiri pafupifupi 10, ikatha ola kumakhala kuposa 20 pamwamba pa za panja. Ndiye kunja kukakhala 38 werengani nokha. Kutsitsa windo pang'ono kuja sikuthandiza kwenikweni, n'kudzinamiza. Ku America kokha ana oposa 30 amafera m'magalimoto otentha pafupifupi chaka chilichonse, thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Nanga galu? Apa ndiye ndimapsa mtima zenizeni. Mumamusiya m'vani eti muli kambale ka madzi ndipo fani ya padenga ikuzungulira, inu n'kupita maola atatu. Fyuzi ikapsa? Batire ikatha? Mthunzi munaimikapo m'mawa uja umasuntha, pofika masana vani ili pamtetete. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadalira kupuma wefuwefu, ndipo mpweya wake ukakhala wamoto alibe pothawira. Tsiku lotere wina atsale naye, apo ayi njingayo isatsike n'komwe pa vani.

Ndikudziwa chimene mumaimikira padzuwa, ndi masola. Mukufuna batire idzaze kuti firiji isazime, ndiye mukuwotcha nyumba yonse kuti mabotolo azizire, firijiyo n'kumalira osapuma chifukwa yazunguliridwa ndi moto, kudya magetsi omwewo mukuwasakawo. Solayonso ikatentha kwambiri mphamvu zake zimatsika. Pezani sola yonyamula yachingwe chachitali, iyo ikhale padzuwa vani ikhale pamthunzi, galasi lakutsogolo muliphimbe chakunja kuti dzuwa lisalowe n'komwe. Mabatire a lithium, a njinga zamagetsi zija, ambiri safuna kutchajidwa kukatentha kupitirira madigiri 45, koma inu mukutsika phiri batire ili juu n'kuilumikiza pompo pansi pa bedi, chitseko n'kutseka. Timabotolo ta gasi tophikira tinalembedwa pambali kuti tisafike madigiri 50, mumawerenga koma? Ena tili pa dashibodi. Ndipo inu ogona injini ikulira kuti eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja, izigwira, kapena jenereta ili pafupi ndi windo, utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, umangokugonetsa tulo tosadzuka. Kuimika pa udzu wouma nakonso lekani, ekizozi pansipo imakhala yamoto woti n'kuyatsa tchire, mudzathawa wapansi nyumba ndi njinga zikunyeka.

Za fani ndinenenso. Mpweya ukafika cha m'ma 40, fani payokha imangokupemererani moto. Nyowetsani malaya kapena thaulo, dzithireni madzi pakhungu, fani izipemerera ponyowapo, mpamene imagwira ntchito.

Madzi. Munthu wopalasa mwamphamvu kotentha amataya lita imodzi mpaka awiri a thukuta pa ola, ena kuposa. Kabotolo kanu kaja sikafika n'komwe lita. Ndiye masamu ake mukuwaona bwanji? Komanso musapite mbali inayo, kumangodzikhuthulira madzi okhaokha malita ndi malita osabwezera mchere, magazi amasukuluka ndipo zimenezonso zimapha, zizindikiro zake n'kumafanana ndi zija za kutentha, mutu, nseru, kusokonezeka. Tengani ORS kapena timapilisi ta mchere tija tosungunula m'botolo, muzidyako kanthu panjira. Yang'anani mkodzo wanu m'mawa, musachite manyazi, ukakhala wochepa wachikasu chakuda ndiye kuti dzulo simunabweze. Mowa wamadzulo uja mumati ndi mphotho ya wokwera phiri, sabata ngati ino usiyeni kaye. Amene mukumwa mankhwala a BP, makamaka okodzetsa aja, kapena ena a ziwengo ndi a maganizo, funsani adokotala chifukwa ena mwa iwo amasokoneza mmene thupi limadziziziritsira. Safunsa anadya phula.

Mwina mukuti ife ndi olimba madala, timachita masewero tsiku ndi tsiku. Olimba kuposa Tom Simpson? Munthu uja anali katswiri wa dziko lonse lapansi pa njinga mu 1965. Pa 13 July 1967, mu mpikisano wa Tour de France, anagwa akukwera phiri la Mont Ventoux dzuwa likuwotcha, m'thupi muli mankhwala opatsa mphamvu ndi mowa, anam'kwezanso panjinga n'kupalasa pang'ono n'kugwanso, osadzukanso. Zaka 29 zokha. Pamene paja panali madokotala ndi helikopita pafupi. Inu muli nokha m'tchire, foni ilibe netiweki, palibe amene mwamuuza njira imene mwalowera, mukuthamangitsana ndi dzina lanu pa Strava, pulogalamu ya pafoni yopikisanirapo liwiro ija. Kulimba kumene mukudalirako ndi kumene kumakufikitsani patali pamene wofooka akanabwerera kalekale.

Sindikuti njinga muzigulitse. Dzukani kukadali mdima, muyambe kukungoyera, pofika 9 kapena 10 koloko mukhale mutatsika. Kutentha kwenikweni sikufika 12 koloko ayi, kumafika cha m'ma 3 mpaka 5 madzulo nthaka itakhuta dzuwa, ndiye zoti tidikire masana apite tinyamuke 3 koloko ndi zolakwika. Sankhani njira yaifupi, yamitengo, yozungulira pafupi ndi pamene mwaimika, zazitali zija zidikire. Madzi akafika theka bwererani, kaya nsonga ya phiri ikuoneka apo. Mukangofika kumene kudera lotentha thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri kuti lizolowere, osati kutsika m'vani lero mawa ulendo wa maola sikisi. Ndipo chodabwitsa n'choti nyumba yanu ili ndi matayala! Wa nyumba ya njerwa sangainyamule, inu mungathe. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye lizani injini mupite kumtunda, kapena kufupi ndi madzi, kapena lipirani chipinda chozizira masiku awiri, ndalama zake sizifika pa mtengo wa tayala ndi mabuleki mumasintha osadandaula aja. Masana kakhaleni mu laibulale kapena paliponse pozizira pololedwa kukhala.

Mnzanu akayamba kuyankha zosagwirizana, kukwiya popanda chifukwa, kudzandira, kusanza, musamufunse ngati angapitirize chifukwa ayankha kuti eya. Muimitseni. Pamthunzi, vulani zonse zothina, muziziritseni pompo musanaganize zomunyamula. Pakakhala mtsinje kapena dziwe mulowetseni thupi lonse mutamugwira mutu, palibe ndiye madzi alionse muli nawo, ayisi wa mufiriji m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, uku wina akuimbira ambulansi. Theka la ola loyambalo ndi limene limalekanitsa wochira ndi wopita. Amene sakudziwa pamene ali musamukakamize kumwa, atsamwa. Panado sathandiza apa, uku si kutentha thupi kwa matenda. Ndipo akatsitsimuka asakwerenso njinga, apite kuchipatala akamuone impso.

Muziganizirakonso anthu amene amabwera kudzakunyamulani. M'madera ambiri opulumutsa anthu kumapiri ndi ongodzipereka, asiya ntchito zawo ndi ana awo, akwere phiri lomwelo padzuwa lomwelo atasenza machira chifukwa inu munafuna chithunzi. Pepani sapoletsa chilonda.

Mawa ine alamu ndatchera 4 koloko, mabotolo atatu ali kale mufiriji, vani ndaimika kuseri kwa mitengo mawindo onse ali ndi neti. Amene ndikumane naye akuyamba kukwera ine ndikutsika, asadabwe ndikamuimitsa n'kugwedeza botolo lake.